Mafunso ndi mayankho: kodi sipichi ya pulezidenti imathandizadi dziko likakhala pa mavuto?

Kukagwa tsoka lalikulu, kaya ndi nkhondo, mliri, namondwe kapena imfa ya munthu wamkulu, chinthu choyamba chomwe anthu amafunsa nchoti "apulezidenti ayankhula nthawi yanji?" Ndipo akangomaliza kuyankhula mkangano umayamba, ena akuti anaphula ngozi ena akuti angotitayira nthawi. Apa tasonkhanitsa mafunso omwe amabwerabwera pa nkhaniyi, mayankho ake ndi mmene ine ndimaonera nditayerekeza masipichi angapo odziwika.

Anthu akufa, ndalama zikutha, mawu okha angachite chani?

Pali nthawi zomwe amachita zambiri ndithu, bola akhale mawu ouza munthu chochita kukacha. Chitsanzo chomwe sichivuta kumva ndi cha Franklin Roosevelt wa ku America mu 1933. Analowa mu ofesi pa 4 March chuma chitagweratu, pa anthu anayi ofuna ntchito mmodzi analibe, mabanki akutsekedwa motsatizana chifukwa aliyense amathamangira kukatapa ndalama zake kuopa kuti zipsera komweko. Pa tsiku lolumbira ndi pomwe ananena mawu otchuka aja oti chinthu chokha choyenera kuopa ndi mantha enieniwo. Mawu okoma inde, koma ine ndimaona kuti sipichi yomwe inagwiradi ntchito si imeneyo.

Yomwe inagwira ntchito ndi ya Lamlungu usiku pa 12 March. Apa nkuti atatseka mabanki onse m'dzikomo kwa sabata, nyumba ya malamulo itadutsitsa lamulo la pangozi lokhudza mabanki pa 9 March. Munthu uja anakhala pa wailesi kwa mphindi zosakwana 15 nkuyamba kufotokoza ngati akucheza ndi neba, kuti mukasungitsa ndalama ku banki sikuti amaziika mu sefa nkumazidikira ayi, amazibwereketsa kwa ena kuti zigwire ntchito, nde aliyense akabwera tsiku limodzi kudzafuna zake ngakhale banki yabwinobwino imagwa. Kenako anawauza kuti kuyambira mawa mabanki omwe tawaunika ayamba kutsegulidwa, ndipo ndalama zanu zikhala zotetezeka kumeneko kusiyana ndi pansi pa matiresi. Kutacha anthu anakaimadi pa mizere, koma ambiri ulendo uno amakabweza ndalama osati kukatapa.

Taonani kuti sanangoti limbani mtima. Anafotokoza vuto, ananena zomwe boma lachita kale, nkupempha chinthu chimodzi choti munthu wamba atha kuchita ndi manja ake Lolemba m'mawa.

Nde pa masipichi onsewa yoposa anzake ndi iti?

Aliyense ali ndi yake, yanga ndi ya Nelson Mandela mu April 1993, ndipo chodabwitsa nchoti nthawi imeneyo sanali pulezidenti nkomwe, pampando panali F.W. de Klerk.

Pa 10 April, Loweruka la Pasaka, Chris Hani anaomberedwa pakhomo pake ku Dawn Park, Boksburg. Hani anali mtsogoleri wa chipani cha Communist komanso anakhalapo mkulu wa asilikali a ANC, achinyamata a m'makomboni amamukonda koopsa, mwina wachiwiri kwa Mandela yemweyo. Womuombera anali Janusz Waluś, mzungu wochokera ku Poland, mfuti anapatsidwa ndi wandale Clive Derby-Lewis, cholinga chinali choti dziko liyake moto zokambirana zothetsa tsankho zifere panjira. Ndipo zinatsala pang'ono kutheka. De Klerk amadziwa kuti iye akayankhula palibe wakuda amumvere, nde TV ya boma inapereka mpata kwa Mandela.

Zomwe ananena zija nzofunika kuzimva bwino. Anati mzungu wodzadza ndi chidani anabwera m'dziko lathu nkuchita chinthu chonyansa moti dziko lonse lili pamphepete pa phompho. Pompo anapitiriza kuti mayi wachizungu, wachi Afrikaner, anaika moyo wake pachiswe kuti wakuphayo adziwike nkugwidwa. Amanena neba wa Hani yemwe anaona nambala ya galimoto nkuimbira apolisi. Sanabise kuti wakuphayo ndi mzungu, anthu amadziwa kale ndipo akanabisa akanamutaya chikhulupiriro, koma anaika mzungu winayo pambali pake kuti mnyamata yemwe wanyamula mwala ku Soweto ayambe waganiza kaye kuti mdani wake ndi ndani kwenikweni. Ziwawa zinachitikabe, anthu anafa ndithu masiku amenewo, koma nkhondo yapachiweniweni yomwe amafuna aja sinabuke, ndipo patangopita miyezi yochepa tsiku la chisankho linagwirizanidwa, 27 April 1994.

Ine chimandigwira mtima nchoti iyi inali sipichi youza anthu okwiya kuti asachite zomwe mtima wawo ukufuna. Kuuza gulu kuti tiyeni tikamenye nkosavuta, aliyense wokhala ndi maikolofoni atha. Kuwauza kuti khalani pansi, iwo nkukhaladi, pamafunika munthu yemwe anakhala kundende zaka 27 chifukwa cha anthu omwewo.

Nanga kavidiyo ka Zelensky kaja tingakatchule sipichi?

Eya, ngakhale kanali ka theka la mphindi basi. Russia inalowa mu Ukraine pa 24 February 2022, ndipo mphekesera zinali ponseponse kuti Volodymyr Zelensky wathawa. Usiku wa pa 25 anatuluka panja pa ofesi yake ku Kyiv, foni m'manja kudzijambula yekha, kumbuyo kwake kutaima nduna yaikulu Denys Shmyhal ndi akuluakulu ena, nkumawatchula mmodzimmodzi kuti uyu ali pano, uyu ali pano, pulezidenti ali pano, tonse tili pano. Basi.

Msilikali kapena mayi wa ku Kharkiv funso lomwe anali nalo usiku umenewo linali limodzi, kodi boma lilipo kapena tatsala tokha? Kavidiyoko kanayankha limenelo. Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo mwake, pa 15 August 2021, Ashraf Ghani wa ku Afghanistan anakwera ndege kuthawa Kabul a Taliban ali pakhomo, anthu anamva kudzera pa Facebook mwini wake ali kale kunja.

Sipichi ya pamavuto izitalika bwanji?

Zomwe zimakumbukika zambiri nzazifupi. Abraham Lincoln ku Gettysburg pa 19 November 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, anayankhula pafupifupi mphindi ziwiri, mawu osakwana 300. Yemwe anayamba kuyankhula tsikulo, Edward Everett, anatenga maola awiri, lero ndani amamudziwa? Roosevelt atapita ku nyumba ya malamulo pa 8 December 1941, Japan itaphulitsa Pearl Harbor nkupha anthu oposa 2,400, anatenga mphindi ngati 7. Ronald Reagan pa 28 January 1986, chombo cha Challenger chitaphulika m'mwamba ndi anthu 7, anayankhula mphindi zinayi kapena zisanu, ndipo mkati mwake anayankhula mwachindunji kwa ana asukulu chifukwa ambiri anaonera ngoziyo laivi m'makalasi, poti m'chombomo munali mphunzitsi Christa McAuliffe.

Zili ngati pamaliro kumudzi, woyankhula wabwino amanena kuti watisiya ndi uje, anadwala chakuti, tiika mawa nthawi yakuti, nkukhala pansi. Uja woyamba kufotokoza mbiri ya chitukuko cha m'deralo amayi m'nyumba ya siwa akulira, anthu amangoyang'ana pansi kudikira kuti amalize.

Kodi amalemba okha kapena amangowerenga za anthu ena?

Ambiri amakhala ndi anthu owalembera, ndipo si chinsinsi. Ya Reagan ija analemba ndi mayi wina wa mu ofesi yake, Peggy Noonan, tsiku lomwelo. Roosevelt anali ndi gulu lomuthandiza koma ya Pearl Harbor anachita kunena yekha sekilitale akutayipa, kenako nkumafufuta ndi kusintha ndi pensulo, pepala lake lilipo mpaka pano. Kulemberedwa si vuto. Vuto limabwera pomwe munthu akuona pepalalo koyamba ali kale pa kamera, amapunthwa pa dzina la mudzi womwe anthu afa ndipo omvera amadziwiratu kuti nkhaniyi siyamukhudza.

Kwathu kuno tinakhalapo ndi sipichi yotere?

Tinakhalapo nazo, zabwino ndi zoipa zomwe.

Yoyamba yomwe anthu amaiwala ndi ya a Kamuzu mu May 1994. Munthu yemwe analamula zaka 30, yemwe amatchedwa pulezidenti wamuyaya, anapita pa MBC kukavomera kuti a Bakili Muluzi apambana, zotsatira zonse zisanalengezedwe nkomwe. Kumbukirani kuti miyezi isanu yokha m'mbuyomo, mu December 1993, asilikali anali atathana ndi a Payoniya pa Operation Bwezani, ena atathawira ku Mozambique ndi mfuti. Akanati akane, palibe amadziwa kuti zikanathera pati. Sinali sipichi yokometsera ayi, koma inatseka pakamwa aliyense yemwe amafuna kuchita zachisokonezo m'dzina la Ngwazi.

Yoipa ndi ya a Bingu pa 20 July 2011. Mafuta kulibe, forex kulibe, kazembe wa Britain atathamangitsidwa mu April thandizo likuima, anthu ali mu msewu ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Karonga. Tsiku lomwelo apulezidenti anali ku State House kupereka lekichala yaitali pa TV, za ufulu wa dziko ndi za chuma, kunja utsi okhetsa misozi uli tolotolo. Anthu pafupifupi 20 anafa m'masiku awiri amenewo. Patapita masiku ochepa ali ku Zomba pa mwambo wa apolisi anaopseza otsogolera zionetserozo kuti awasaka mpaka kuwatulutsa komwe abisala. A Bingu anali munthu wophunzira ndipo pa lekichala paja mwina zina amanena zoona, koma tsiku limenelo anthu samafuna kalasi.

Ya a Chakwera mu June 2024 ndi yovutirapo kuiweruza. Ndege ya asilikali yomwe inanyamula a Saulos Chilima ndi anthu ena 8, kuphatikizapo mayi Shanil Dzimbiri, inasowa m'mawa wa pa 10 June ikupita ku Mzuzu, ulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara. Apulezidenti anaimitsa ulendo wawo wa ku Bahamas, anayankhula usiku kwambiri kuti kusaka kupitirire, mawa lake masana nkudzalengeza kuti ndegeyo yapezeka mu Chikangawa ndipo palibe wapulumuka. Pa mawu ndi kaimidwe, sipichi yachiwiriyo inali yolemekezeka, munthu amaoneka kuti wasweka mtima. Koma pakati pa m'mawa ndege itasowa ndi usiku womwe anayankhula panadutsa maola ambiri, ndipo maola amenewo anadzadzidwa ndi ma voice note a pa WhatsApp, aliyense ndi nkhani yake. Pofika tsiku la mwambo wa maliro ku Bingu Stadium anthu ena amakuwiza, mpaka ansembe a Katolika kuchita kuimirira kuti bata libwerere. Apa nde mumaona kuti masiku ano ukachedwa maola asanu, ukamabwera umapeza anthu anakhulupirira kale zina.

Pa namondwe wa Freddy mu March 2023 zinali zosiyanako. A Chakwera atabwera kuchokera kunja anapita ku Chilobwe kukaima pakati pa mabokosi a anthu omwe matope a m'phiri la Soche anawakokolola, analengeza masiku 14 okhuza maliro, nkuyambitsa Operation Tigwirane Manja. Anthu oposa 1,000 anafa, oposa 500,000 anasowa pokhala. Kunena zoona anthu wamba, mipingo ndi magulu a pa Facebook anali atayamba kale kusonkha ufa ndi mabulangete asanauzidwe, koma dzina lija linathandiza kuti ntchitoyo ioneke kuti ndi ya dziko lonse osati ya kummwera kokha.

Pa nthawi ya Corona ndani anayankhula bwino?

M'chigawo chathu chino ambiri amatchula Cyril Ramaphosa wa ku South Africa, makamaka masabata oyamba. Pa 23 March 2020 analengeza lokodauni ya masiku 21, anafotokoza chifukwa chake, ziwerengero zake, zomwe zitsekedwe ndi zomwe zitsegulidwe, ndipo ngakhale otsutsa anamuombera m'manja. Mu April anabweranso ndi thumba la R500 biliyoni, muli ka R350 pamwezi ka anthu osowa ntchito. Anthu anayamba kutchula masipichi ake kuti msonkhano wa pabanja, abale athu omwe ali ku Joni amakumbuka kudikira pa TV usiku kuti amve ngati mawa kuli kupita ku maganyu kapena ayi. Koma lokodauni itatalika, mowa ndi fodya zitaletsedwa, kenako nkumveka kuti ndalama zogulira mamasiki ndi zodzitetezera zadyedwa, msonkhano wa pabanja uja unasanduka nthabwala. Sipichi yake sinasinthe, anasintha ndi makutu a omvera.

Kuno boma la a Peter Mutharika linalengeza lokodauni yake ya masiku 21 kuti iyambe pa 18 April 2020, koma palibe anafotokoza momveka kuti mayi wogulitsa tomato ku Ndirande adya chani masiku amenewo. Mavenda analowa mu msewu, a HRDC anapita ku khoti, High Court nkuimitsa zonse. Mu January 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, a Chakwera nkulengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo masipichi awo a Lamlungu anthu amawamvera ndithu mpaka pomwe inatulukira nkhani ya K6.2 biliyoni yomwe yambiri inathera m'ma alawansi.

Ku Tanzania a John Magufuli anasankha njira ina, anauza anthu kuti mapemphero athetsa matendawa, boma nkusiya kutulutsa ziwerengero. Anthu ambiri anamva kukoma chifukwa ndi zomwe aliyense amafuna kumva. Kulimbitsa mtima kotero ine sindikuwerengera.

Chilankhulo chili ndi kanthu? Poti athuwa amakonda chizungu

Chili ndi kanthu kwambiri. Julius Nyerere mu November 1978, asilikali a Idi Amin atalanda dera la Kagera, anayankhula m'Chiswahili choti ngakhale mwana amva, anati mphamvu zomumenyera tili nazo, chifukwa chomumenyera tili nacho, ndipo mtima womumenya tili nawo. Mawu amenewo anayenda pakamwa pa anthu dziko lonse, pofika April 1979 Kampala inali itagwa. Akanawanena m'chizungu akanathera mu nyuzipepala.

Ife tinazolowera zina. A Kamuzu amayankhula chizungu womasulira ali pambali, ndipo mpaka lero sipichi yaikulu imayamba m'chizungu, Chichewa nkubwera kumapeto mwachidule anthu ambiri atagona kapena magetsi atazima. Koma munthu yemwe nyumba yake yapita ndi madzi ku Nsanje kapena ku Phalombe akumvera pa kawailesi ka mabatire, nde ukayamba ndi ndime khumi za chizungu ukuyankhula ndi akazembe osati iyeyo. A Muluzi pa ichi anali ndi mphatso, kaya mumawakonda kaya ayi, akagwira maiki m'Chichewa anthu amatchera khutu. Ndipo tisaiwale kuti kwa anzathu a ku Karonga, Rumphi kapena Mangochi, Chichewa chomwecho si cha kunyumba.

Pulezidenti kulira pagulu, ndi mphamvu kapena kufooka?

Zimatengera ngati misoziyo ikubwera ndi choonadi china chomwe munthuyo chikumuwawa kunena. A Kenneth Kaunda amadziwika ndi kulira, kampango koyera kali m'manja, moti ena amawaseka. Koma mu 1987 anauza dziko lonse lapansi kuti mwana wawo Masuzyo anamwalira ndi Edzi, nthawi yomwe atsogoleri ambiri mu Africa amakana kuti matendawa aliko, pamaliro tikumangoti anadwala nthawi yaitali. A Muluzi ananenanso poyera mu 2004 za mchimwene wawo, Mandela naye mu January 2005 anaitana atolankhani tsiku lomwe mwana wake Makgatho anamwalira nkunena chomwe chamupha. Awa sanali masipichi a pa nsanja okhala ndi mawu ozuna, koma mabanja ambiri anapeza poyambira kukamba nkhani yomwe amaibisa.

Kodi sipichi yokoka mtima ingathenso kuononga?

Kwambiri, ndipo ichi ndi chifukwa chake ine sindimakonda kuyeza sipichi ndi kuchuluka kwa anthu omwe anyerenyetsedwa. Pa 19 April 1994 Théodore Sindikubwabo, yemwe anali pulezidenti wongogwirizira ku Rwanda, anapita ku Butare komwe kupha anthu a mtundu wa chi Tutsi kunali kusanafike poipa, nkudzudzula anthu a kumeneko kuti akungoonerera osagwira ntchito. Aliyense anamva tanthauzo la ntchitoyo, ndipo kuyambira pamenepo Butare inasanduka malo ophera anthu. Nayenso anapempha chinthu chimodzi choti munthu wamba achite ndi manja ake.

Ngakhale kwa omwe timawatama aja zilipo. Roosevelt yemwe uja, patangopita miyezi iwiri chiyankhulireni za Pearl Harbor, anasaina lamulo lomwe linatsekera m'makampu anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa chi Japan, ambiri mwa iwo nzika za America zobadwira momwemo. George W. Bush anaima pa zigumukire za World Trade Center, nyumba zomwe zigawenga zinagwetsa ku New York, pa 14 September 2001 ndi chimkuzamawu m'manja, dzanja lina lili paphewa la wozimitsa moto, nkuuza anthu kuti omwe agwetsa nyumbazi atimva posachedwa. Anthu 90 pa 100 alionse anamukonda nthawi imeneyo. Chikondi chomwecho ndi chomwe anakwera nacho kupita ku Iraq mu 2003 kukasaka zida zoopsa zomwe sizinapezeke. Dziko likagwirizana chifukwa cha mantha, ofunsa mafunso amaoneka ngati adani.

Nde munthu woyankhula bwino pamavuto amapambana chisankho?

Osati kawirikawiri. Jimmy Carter wa ku America pa 15 July 1979, anthu ali pa mizere ya mafuta, anayankhula moona mtima kuti dziko lataya chikhulupiriro mwa ilo lokha ndipo anthu achepetse kuononga mafuta ndi magetsi. Masiku oyamba anthu anaikonda, makalata oyamikira anabwera ambiri. Patangopita masiku awiri anauza nduna zake zonse kuti zilembe makalata otula pansi udindo, anthu nkuona ngati boma lasokonekera, ndipo mu 1980 Reagan anamugonjetsa moipa. Bush wa chimkuzamawu uja mu 2005 anaonekera pa chithunzi akusuzumira New Orleans pa windo la ndege madzi a namondwe wa Katrina atamiza mzinda, kenako nkumayamikira mkulu woona za ngozi kuti akugwira ntchito yotamandika anthu akadali pa madenga, mbiri yake sinabwererenso.

A Chakwera nawo palibe amatsutsa kuti pakamwa anadalitsidwa, ndi mbusa uja, koma pa 16 September 2025 anthu anakavota akuganiza za mtengo wa chimanga, feteleza, shuga ndi mizere ya pa filling station. Anavomera kugonja pa TV bungwe la MEC lisanalengeze zotsatira zomaliza, nkuimbira foni a Mutharika kuwafunira zabwino.